Madzi Ali Kubafa

Chaka chimene ndinachoka kumudzi kwa mkazi wanga sindichikumbuka. Chimene ndimakumbuka n'chakuti inali nyengo yozizira, ndipo ndinasiya madzi kubafa osasamba.

Nangondo, mkazi wangayo, anali ndi nyamakazi m'manja. Inamuyamba akadali mtsikana, ndipo chisanu chikafika zala zake zinkakana kuwongoka. Komabe m'mawa uliwonse ankathyola nkhuni, kutereka madzi, kunyamula ndowa mpaka kubafa kuseri kwa nyumba, kenaka n'kudzagwada pakhomo. Mawu ake anali omwewo tsiku ndi tsiku: "Bambo, madzi ali kubafa." Ine ndinkayankha kuti ndamva. Kumva ndinkamvadi, koma ndinali munthu wokonda kumaliza kaye nkhani ndi anzanga, ndipo nkhani zanga sizinkatha. Pofika kubafa ndinkapeza madzi atapola, n'kuyamba kudandaula ngati wolakwa ndi iye. Ankangobwera, kutenga ndowa, n'kukaterekanso.

Tsiku lina ndinamuona atakoleka ndowa pamkono chifukwa zala zinakana kugwira. Manyazi anandigwira, ndipo ine manyazi akandigwira pakamwa pamatuluka malonjezo aakulu. Ndinamuuza kuti kutauni kuli nyumba zimene madzi otentha amatuluka pakhoma, ndipo ndipita ndikaphunzire ntchito imeneyo, ndidzabwere ndidzamuikire kuti manja ake adzapume. Ndinali mkamwini wopanda mbuzi ngakhale nkhuku, choncho panalibe wondiletsa. M'mawa wonyamuka Nangondo anangofunsa ngati sindisamba kaye. Ndinati ndikasamba kutsogolo, galimoto ingandisiye.

Tauni yoyamba inali ya fumbi lofiira. Kumeneko ndinakumana ndi a Likongwe, pulambala, mmisiri wa mapaipi a madzi, wokalamba woumira mawu, amene anandilola kuwanyamulira chikwama cha zitsulo. Tsiku loyamba ananditengera kunyumba yogona alendo, nyumba yaitali ya zitseko khumi ndi ziwiri mbali imodzi. Anandilowetsa kubafa la chipinda chomaliza, n'kundiuza kuti nditsegule mpope wa madzi otentha, ndiike dzanja, ndiyambe kuwerenga. Ndinawerenga mpaka mazana awiri madzi akadali zii. Ndinati giza, thanki yotenthetsa madzi, yafa. Iwo anapukusa mutu n'kundiuza kuti ndipitirize, ndipo nditangodutsa mazana atatu madzi anandiwotcha chala.

Anandifotokozera titakhala pakhonde. Giza inali bwinobwino, koma inali kutali, kumapeto ena a nyumba. Madzi amene agona m'paipi pakati pa giza ndi mpope amazizira, ndipo otentha sangafike mpaka ozizirawo atatuluka onse. Mankhwala ake ndi kuika paipi yachiwiri yochokera kuchipinda chomalizacho kubwerera ku giza, ndi kapampu kakang'ono kokankha madzi kuti azingozungulira, asapeze mpata wogona.

"Kutumiza madzi si ntchito, achimwene," anatero a Likongwe. "Paipi yopita aliyense amaikumbukira. Imene anthu amaumira ndi yobwerera."

Anandiphunzitsanso kuyenda ndi paipi. Umaika kuseri kwa dzanja pachitsulo kuyambira pa giza, n'kumatsatira pang'onopang'ono, mudenga, kuseri kwa khoma, pansi pa sinki, mpaka upeze pamene kutentha kwathera. Pamenepo ndi pamene pali mlandu. Ndinaphunzira msanga, ndipo nditamva koyamba paipi yobwerera ikufunda pansi pa dzanja langa ndinasangalala ngati ndapeza mwana. Ndikanatha kubwerera kumudzi nthawi imeneyo. Koma ndinadziuza kuti munthu sangabwerere ndi theka la ntchito, ndikhaleko mpaka mvula.

Mvula inabwera n'kupita. Tinasamukira tauni ya m'mapiri, ya nkhungu yosachoka mpaka masana. Kumenekonso kunali nyumba yaitali, ndipo ndikulumbira kuti bafa la chipinda chomaliza linali lomwelo: msomali womwewo pakhoma, kachidutswa ka sopo wobiriwira pazenera, panja mtengo wa papaya wopendekeka. Pampu inalipo kale, yatsopano, ikung'ung'uza bwino, koma alendo ankadikirabe mpaka miyendo kuuma. Ndinayenda ndi paipi kawiri osapeza kanthu. A Likongwe anangopukuta fumbi pamimba pa pampu ndi chala, n'kundionetsa kamuvi kosonyeza kumene madzi ayenera kulowera. Amene anaimanga anaitembenuza. Inkakankha madzi kupita kuvalavu, kachitseko ka m'paipi kolola madzi mbali imodzi yokha, ndiye chaka chathunthu inkangolimbana ndi chitseko chotseka, eni nyumba akumva phokoso n'kumati ikugwira ntchito. Tinaimasula, kuitembenuza, madzi n'kufika ndisanawerenge khumi.

M'tauni yomweyo a Likongwe anandisiya. Sanadwale, sanatsanzike. M'mawa wina ndinapeza chikwama chawo pakhomo panga, sipanala yawo yaikulu ili pamwamba, ndipo anthu amene ndinawafunsa ankandiyang'ana ngati ndikufunsa za munthu wa m'maloto. Ndinalira pang'ono, kenaka ndinanyamula chikwamacho.

Zaka zotsatira zinasakanikirana m'mutu mwanga. Ndinapita kutauni ya njanji, tauni ya fodya, tauni ina yotentha kumene ndinkadabwa kuti anthu amafuniranji madzi otentha. Paliponse panali nyumba yaitali, chipinda chomaliza, msomali, sopo wobiriwira, ndi munthu woima chondifulatira, dzanja lili pansi pa mpope. Ndipo paliponse vuto linali lina. Pena mpweya unalowa m'pampu madzi atasiya kutuluka mumzinda, pampu n'kumazungulira chabe itatentha juu, paipi ili yozizira. Umamasula kasikuluwu kapatsogolo mpaka kasiye kupuma kayambe kudontha. Pena kawotchi koyatsa pampu kanasokonekera ndi kuthimathima kwa magetsi, moti madzi ankazungulira masana nyumba ilibe munthu, m'mawa anthu akufuna kusamba pampu ili m'tulo. Pena valavu inagwidwa ndi dzimbiri n'kukhala yotsegula, madzi ozizira n'kumalowera njira yobwerera, munthu n'kumasamba madzi osadziwika mbali. Pena makoswe anadya zokulunga mapaipi mudenga, kutentha n'kumathera m'njira. Vuto lililonse latsopano linkandiuza kuti sindinadziwe zonse, ndipo ine ndinkavomera msanga.

Kutauni ya njanji mwini nyumba wina anandipatsa pampu yakale imene anati nditaye. Ndinaimasula yonse, kuitsuka, kuisintha kamphira, mpaka inayamba kuzungulira mwakachetechete. Ndinaikulunga m'chiguduli n'kuiika pansi pa chikwama. Imeneyi ndi ya Nangondo, ndinatero. Ndinkadziwa bwino kuti kumudzi kulibe magetsi, kulibe giza, kulibe paipi ngakhale imodzi, koma zimenezo ndinkati ndidzaziona ndikadzafika. Kulemera kwake paphewa kunkanditonthoza. Munthu wonyamula katundu wa mkazi wake sangatchedwe mtchona, ndinkaganiza choncho, ngakhale kalata imodzi yokha sindinalembe.

Padepoti ina ndinakumana ndi bambo wa kumudzi kuja. Anandizindikira asanandipatse moni. Anandiuza kuti manja a mkazi wanga apindikiratu, ndiponso kuti ankhoswe akhala pansi kawiri kukambirana za ine. Ndinamutsegulira chiguduli kuti aone pampu. Anaiyang'ana, kundiyang'ana, n'kufunsa ngati pali uthenga woti akanene. Ndinati akanene kuti ndatsala pang'ono. Basi yake inanyamuka, yanganso inanyamuka, zinalowera kosiyana.

Nyumba yomaliza imene ndinagwirako inali pamwamba pa phiri, yozunguliridwa ndi mpanda wa njerwa. Eni ake anali bwana wina wopuma pantchito ndi akazi awo. Bwanayo anandilandira atapsa mtima kale. Anati mapulambala atatu abwerapo, aliyense amakonza, madzi amafulumira sabata imodzi, kenaka amayambiranso kuchedwa. Akazi a bwanayo ankadana ndi kutaya madzi, choncho analamula kuti madzi ozizira oyamba aja azitchingiridwa m'ndowa, ndipo wantchito wawo, mayi Filesi, azichita nawo zimene akufuna. Ine ndinangomva ndi khutu limodzi. Ndinkafuna kuona mapaipi.

Ndinawerenga kubafa lomaliza: mazana atatu ndi makumi anayi, ndowa ziwiri zodzaza. Ndinayenda ndi paipi. Yopita inali yotentha pafupi ndi giza n'kumazizira m'njira, yobwerera inali yozizira yonse. Pampu inkazungulira. Kamuvi kanali kolondola, mpweya munalibe, kawotchi kanali pa nthawi yake. Ndinagwira njakata kwa masiku awiri, mpaka ndinatsatira paipi yobwerera kulowa m'kachipinda kosungira matsache ndi mopu. Kuseri kwa makatoni kunali valavu yotsekera pamanja. Inali yotseka. Chilichonse m'kachipindamo chinali ndi fumbi kupatula chogwirira chake, ndipo pachogwirirapo wina anakulungapo kansanza, monga amachitira munthu amene chitsulo chimamupweteka zala.

Ndili chigwadire pomwepo, kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Anali mayi Filesi, mayi wamfupi wa imvi zochepa, atanyamula mopu.

"Mwaipeza," anatero.

"Ndaipeza, mayi."

Sanathawe ndipo sanandichonderere. Anatsamira pakhomo n'kundifotokozera mofatsa ngati akunena za mtengo wa tomato. Ankakhala m'munsi mwa phirilo, kumene mipope inauma kalekale, ndipo pachitsime chokhacho anthu ankafola kuyambira mbandakucha, nthawi imene iye amayenera kukhala ali pantchito. Ndowa ziwiri za m'mawa ndi ziwiri za madzulo ndizo zinkamwetsa nyumba yake, kuphikira, ndi kusambitsa amuna ake amene anafa ziwalo mbali imodzi. Pulambala akakonza, madzi otentha ankafika nthawi yomweyo, ndowa n'kukhala zouma. Iye ankapirira sabata imodzi kuti asakayikiridwe, kenaka ankalowa m'kachipindamo.

"Ine sindiba, bambo," anatero. "Ndimatenga amene iwo akuwakana."

Ndinayang'ana manja ake pa mtengo wa mopu. Mfundo za zala zinali zotupa, chala chaching'ono chitakhotera kunja. Manja amenewo ndinkawadziwa.

Ndikanatha kutseka chikwama n'kuuza bwana kuti nyumbayi yandikanika. Mapulambala atatu analephera kale, wachinayi sakanadabwitsa munthu. Koma ine ndinali nditataya zaka zonsezo kuti pasakhale paipi yondikanika, ndipo mtima wanga sunalole. Ndinatsegula valavu, kenaka ndinamasula chogwirira chake n'kuchiponya m'chikwama kuti wina asadzatsekenso, monga a Likongwe akanachitira pavalavu imene ana amaseweretsa. Kwa bwana sindinatchule dzina la munthu. Ndinati inali yolimba ndi dzimbiri, ndipo ndinadziona ngati munthu wachifundo kwambiri.

Madzulo bwana anaitana onse kuti adzaone. Mayi Filesi anabwera ndi ndowa monga mwa masiku onse n'kuitchinga pansi pa mpope. Bwana anatsegula. Ndinawerenga mpaka zisanu, nthunzi n'kukwera. M'ndowamo munali madzi osakwana kapu. Bwana anandigwira chanza kawiri, akazi awo akuseka. Mayi Filesi anadzutsa ndowa yake, n'kundiyang'ana popanda mkwiyo.

"Ntchito mumaidziwa, bambo," anatero.

Ndikutuluka pageti ndinamuona akutsika phiri, zigubu ziwiri zopanda kanthu atazikoleka pamkono. Zinkagundana poyenda, ndipo phokoso lake linandiperekeza mpaka kudepoti. Ndinadzida tsiku limenelo, ndipo sindinasiyebe. Ndinakwera basi yolowera kwathu.

Ulendo wobwerera unali waufupi modabwitsa. Matauni onse aja anadutsa pazenera motsatizana, ya fodya, ya njanji, ya nkhungu, ya fumbi lofiira, ngati anali moyandikana nthawi yonseyi. Ndinatsika pamphambano dzuwa litangopendeka. Njira inali yomweyo koma mitengo inali itakula, ndipo anthu amene ndinakumana nawo ankandipatsa moni wa mlendo.

Nyumba inali pamalo pake, koma ya malata tsopano. Pambali panali mulu wa nkhuni zowazawaza bwino, zazifupi, zoti munthu n'kutola ndi dzanja limodzi. Panalinso mgolo wodzaza madzi, ndipo pachingwe panali malaya aamuna amene sanali anga. Nangondo anali pakhonde akusankha nyemba ndi m'mphepete mwa dzanja. Tsitsi linali litachita imvi. Zala zake zinali zitapindikira m'kati zonse ngati wafumbata kanthu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandiyalira mphasa, kukhala patali pang'ono, n'kundifunsa za ulendo ndi za kumene ndachokera, mwaulemu wonse.

Ine ndinatsegula chiguduli. Ndinaika pampu pamphasa n'kuyamba kufotokoza. Ndinanena za giza, za madzi ogona m'paipi, za kamuvi, za mpweya, za kawotchi. Ndinalankhula nthawi yaitali, monga kale, ndipo iye anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anafunsa kuti gizayo ili kuti. Ndinati tidzagula. Anafunsa za magetsi. Ndinati adzafika. Anagwedeza mutu n'kukhudza pampuyo ndi kuseri kwa dzanja.

"N'chozizira," anatero.

Kenaka anandiuza, osakweza mawu, kuti anadikira mvula zisanu. Zaka ziwiri zoyamba ankaterekabe madzi a anthu awiri. Uthenga wanga woti ndatsala pang'ono unafika, ndipo ndi umene unachititsa ankhoswe kukhala pansi kachitatu n'kumumasula. Tsopano ali ndi a Nkhata, amene nthawiyo anali kudimba. Iwo sadziwa za mapaipi. Amangodzuka m'mawa, kuwaza nkhuni, kutunga madzi kumjigo ndi njinga, kutereka, n'kumunyamulira ndowa mpaka kubafa. Amuna anzawo anawaseka chaka choyamba, kenaka anatopa.

Ndinayang'ana mulu wa nkhuni uja. Nkhwangwa imene inatsamira pamenepo inali yanga, ndinaidziwa ndi mpini wake.

Nangondo anadzuka n'kupita kukhitchini. Ndinamva akukoka nkhuni, akuuzira moto, chitsulo chikugunda pamafuwa. Ndinafuna kudzuka kuti ndikamuthandize, koma sindinadziwe ngati mlendo amaloledwa, ndiye ndinakhala. Mwachizolowezi ndinayamba kuwerenga. Ndinadutsa mazana atatu, mazana asanu, chikwi, mpaka ndinasokoneza. Kenaka ndinamuona akudutsa, ndowa atakoleka pamkono, thupi litapendekera mbali imodzi. Anabwerako, koma sanagwade. Anaima pakona ya nyumba.

"Alendo, madzi ali kubafa. Sambani msanga, galimoto ingakusiyeni. Chitsulo chanucho musaiwale."

Bafa linali pamalo omwe aja, la udzu watsopano. Pamtengo panali msomali, pamwala kachidutswa ka sopo wobiriwira, ndipo pamwamba pa mpanda ndinkaona papaya wopendekeka. Ndinavula malaya n'kuwakoleka. Ndinaika kuseri kwa dzanja m'madzi. M'nyumba zonse zimene ndinagwiramo sindinapezepo madzi oyezedwa bwino chotero, osawotcha, osazizira, oti thupi likangowamva limamasuka. Ndinadziwa kuti ndikasamba chotsala ndi kuvala, kunyamula chikwama, n'kupita kumphambano. Choncho sindinasambe. Ndinanjuta pamwala dzanja lili m'ndowa, ndikumva kutentha kukuchoka pang'onopang'ono, kuyambira m'mbali kulowa pakati.

Ndinamva belu la njinga pabwalo, mawu a mwamuna akupereka moni, ndi Nangondo akuyankha motsitsa. Nkhuku zinayamba kulowa m'khola. Madzi anapola, kenaka anazizira zii.

Ndinakhosomola kamodzi, monga ndinkachitira kale, n'kudikira kuti abwere adzatenge ndowa akaterekenso. Sanabwere.